Kubwerera ku buku lomwe munaliwerenga kale

Munthu akanena kuti nthano yaitali yakutiyakuti anaiwerenga, mukamufunsitsa mupeza kuti watsala ndi tinthu tochepa kwambiri: dzina la mpangankhani wamkulu, chochitika chimodzi chomwe chinamukhudza, mathero a nkhaniyo mwapatalipatali, ndi chigamulo chachifupi chakuti linali lokoma kapena linali lotopetsa. Masamba 300 afupika mpaka kukwana pachikhatho. Ndiye akalitenganso bukulo patapita zaka, amadabwa. Yemwe ankamuyesa woipa uja akupezeka kuti anali ndi zifukwa zake. Chochitika chomwe ankachiyesa kuti chinatenga theka la buku chikupezeka kuti ndi ndime ziwiri zokha. Nthawi zina chomwe amalumbirira kuti chilimo, mulibemo n'komwe.

Kudabwa kumeneku ndiye phindu lalikulu la kuwerenganso, koma ambiri limawapulumuka chifukwa cha chinthu chimodzi: sanasiye umboni wa mmene anamvera ulendo woyamba. Kuwerenga kwachiwiri kumafufuta koyamba. Mukangotsiriza, mtima umakuuzani kuti mwakhala mukuliona choncho kuyambira kale, pomwe si zoona. Zomwe ndalemba panozi ndi njira yomwe ndaona kuti imathandiza kusunga kuwerenga kuwiriko padera, kuti wina athe kukuika pambalimbali n'kuona chomwe chasintha.

Nkhani ya kuiwalayi anthu anaifufuza kalekale. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasindikiza zotsatira za kudziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo, ndipo anapeza kuti zambiri zimatayika m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, kenako kuiwalako kumayamba kuyenda pang'onopang'ono. Nthano imakhalitsa m'mutu kuposa timawu totero chifukwa ili ndi ulusi wolumikiza zinthu. Koma apa pali vuto lina lomwe Frederic Bartlett wa ku Cambridge analionetsa mu 1932. Iye ankapatsa anthu kanthano kachilendo kuti awerenge, n'kumawauza kuti akafotokoze patapita nthawi. Nthanoyo inkafupika, zachilendo zinkagwamo, ndipo zotsalazo anthu ankaziwongola kuti zifanane ndi zomwe anazolowera. Ndiye kuti mutu sungotaya nkhani ayi, umaikonzanso mwakachetechete, mwiniwake osadziwa. Buku lomwe mumalikumbukira munalemba nawo ndinu.

Tiyambe ndi ulendo woyamba, chifukwa ndi umene umakonza zonse. Musauyese sukulu. Ulendo woyamba ndi wofuna kudziwa chomwe chichitike, ndipo njala imeneyo ndi yabwino, musaiphe ndi kulembalemba. Chofunika ndi kupatsa bukulo nthawi yokwanira kuti likugwireni. Dziyeseni kaye liwiro: tengani wotchi, werengani masamba 10 mmene mumawerengera masiku onse, muone mphindi zomwe zapita. Munthu wamkulu wowerenga Chingerezi chamumtima amatha mawu apakati pa 200 ndi 300 pamphindi, ndipo tsamba la buku wamba limakhala ndi mawu pafupifupi 250 mpaka 300, choncho tsamba limodzi limadya mphindi imodzi kapena kuposerapo pang'ono. M'chinenero cha mawu ataliatali ngati chathuchi, kapena m'chinenero chomwe munachiphunzira mutakula, chiwerengero cha mawu pamphindi chimatsika, n'chifukwa chake ndikuti dziyeseni nokha. Mukapeza kuti masamba 10 akukutengerani mphindi 15, buku la masamba 300 likufuna maola 7 ndi theka. Pa mphindi 30 tsiku lililonse, ndi masiku 15.

Cholakwika chomwe chimapha mabuku ambiri ndi kuwerenga masamba atatu usiku uliwonse tulo titayamba kale. Pa liwiro limenelo buku la masamba 300 litenga masiku 100. Pofika pakati, zomwe mlembi anabzala kumayambiriro zaiwalika, ndiye akadzazikolola inu simukuona chomwe chachitika, n'kumati bukuli ndi lozizira. Masamba 50 oyambirira yesetsani kuwatha pokhala kamodzi kapena kawiri. M'masamba amenewa ndi momwe mumaphunzira mayina, malo, ndi kayankhulidwe ka wofotokoza nkhaniyo, ndipo mukawadula tizidutswatizidutswa mumangokhala mlendo m'bukumo mpaka kalekale. Mukadutsa pamenepo mutha kutsika kufika pa masamba 15 kapena 20 patsiku osataya ulusi. Ndipo imani pothera chaputala, osati pakati pa zokambirana za anthu awiri.

Pali mabuku ena omwe analembedwa kuti aziwerengedwa mopumira. Nthano zambiri za Charles Dickens zinkatuluka mwezi ndi mwezi m'timabuku ta masamba 32, kwa chaka ndi theka kapena kuposerapo, n'chifukwa chake mpangankhani aliyense amamupatsa kachizindikiro kake, kaya kayankhulidwe kaya kachizolowezi, kuti akatulukiranso patapita miyezi owerenga amuzindikire. Mabuku otere mukawawerenga mothamanga, kubwerezako kumatopetsa. Mukawapatsa mpata, kumakhala ngati kukumana ndi mnansi.

Za mayina. Buku likakhala ndi ampangankhani opitirira 10, dulani kapepala kolimba kofanana ndi chikhatho, kazikhala chosungira tsamba, ndipo muzilembapo dzina lililonse pomwe latulukira koyamba, mawu atatu ofotokoza kuti ndi yani, ndi nambala ya tsamba. Mawu atatu okha: "mlongo wa dokotala, 14". Mukachulutsa, kapepalako kamasanduka ntchito ndipo mukasiya pofika chaputala chachinayi. Nthano za ku Russia ndi zomwe zimasokoneza kwambiri pa nkhaniyi, chifukwa munthu mmodzi amakhala ndi dzina lake, dzina lochokera kwa bambo ake, dzina la banja, ndi dzina lachibwana. Aleksandr ndi yemweyo Sasha, Ivan ndi yemweyo Vanya, ndipo mwana wamwamuna wa Ivan amatchedwa Ivanovich pomwe wamkazi ndi Ivanovna. Owerenga ena amafika tsamba 80 akuyesa kuti ndi anthu atatu. Ikani mayina onsewo pamzere umodzi. Ulendo wachiwiri mudzaona kuti kusankha dzina kumeneko kuli ndi tanthauzo: yemwe waitana mnzake ndi dzina lachibwana pagulu, kapena wasiya mwadzidzidzi kuliitana, wanena kanthu kena komwe sikanalembedwe. Musakope mndandanda wa ampangankhani pa intaneti. Mindandanda imeneyo kawirikawiri imaulula yemwe adzafe ndi yemwe adzakwatire yani.

Polemba m'buku lanu, gwiritsani ntchito pensulo ya HB kapena 2B. Ya 2B ndi yofewa, imaoneka bwino ndipo imafufutika mosavuta, kungoti imapaka tsamba loyang'anizana nalo mukasindikiza kwambiri. Pensulo zolimba za mtundu wa H zimasiya kangalande papepala komwe labala sangachotse. Inki ndi zolembera zowala zija zimalowerera mpaka kuseri kwa pepala lopyapyala, ndipo choipa chachikulu n'chakuti sizichoka: maganizo anu a chaka chino adzakhala akukuwa patsambalo zaka 20 zikubwerazi. Timapepala tomata tija ndi tabwino kwa sabata zingapo, koma tikakhalitsa timasiya guluu yemwe amagwira fumbi, ndipo papepala lakale timatha kunyamula zilembo pochotsa. Buku lobwereka, kaya kwa munthu kaya ku laibulale, musalembemo chilichonse. Lembani pakapepala kaja.

Ulendo woyamba ndimagwiritsa ntchito zizindikiro zitatu zokha, zonse m'mphepete mwa tsamba, popanda kudula mzere kunsi kwa mawu. Kadontho pomwe pandikoma. Chizindikiro cha funso pomwe sindinamve kapena sindikukhulupirira. Kamtanda pomwe ndatopa kapena ndakwiya. Chilichonse chimatenga sekondi imodzi, nkhani siima. Kamtanda kaja ndi komwe ambiri amakanyozera, pomwe ndi kothandiza kuposa tinzake. Malo omwe anakutopetsani muli ndi zaka 19 nthawi zambiri ndi omwe amadzakugwirani muli ndi zaka 40, ndipo popanda kamtandako simudzakhulupirira kuti munayasamulapo.

Pa buku la pafoni, nambala ya tsamba imatha kusintha mukangokulitsa zilembo, choncho lembani nambala ya chaputala ndi mawu anayi oyamba a ndimeyo. Pa Kindle, kachipangizo kowerengera mabuku, pali kachinthu kotchedwa Popular Highlights komwe kamaonetsa mizere yomwe anthu ena ambiri anaidula. Kazimitseni musanayambe. Diso likaona mzere wodulidwa kale, limagwada, ndipo simudziwanso ngati chiganizocho chakukomani inuyo kapena mwangotsatira gulu.

Tsopano chinthu chomwe ndimachiyesa chachikulu pa zonse. Mukatseka tsamba lomaliza, lembani kakalata kachidule tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, musanawerenge ndemanga ya munthu aliyense, musanaonere filimu yake, musanakambirane ndi mnzanu. Kufulumirako kuli ndi zifukwa ziwiri. Choyamba ndi chija cha Ebbinghaus, kuti zambiri zimagwa tsiku loyamba. Chachiwiri n'chakuti maganizo a munthu wina wodziwa kuyankhula amalowa m'malo mwa anu mosavuta kwambiri. Mukawerenga ndemanga yonena kuti mathero anali ofooka, pakutha pa ola mudzayamba kukumbukira kuti inunso munaona choncho, chikhalirecho munalira.

Kakalatako kasapitirire theka la tsamba. Pamwamba ikani deti ndi zaka zanu, ndi chiganizo chimodzi chonena mmene moyo unalili masiku amenewo: munali pantchito yatsopano, munali ndi khanda, munali ndi maliro, munalibe chochita. Chiganizo chimenechi chimaoneka ngati chosafunika, koma ndi chomwe chidzakufotokozereni chifukwa chomwe bukulo linakugwirani pomwe linakugwiranipo. Kenako yankhani mafunso awa mwachindunji: ndinali mbali ya yani, ndipo ndani amene sindinamukhululukire? Ndi chochitika chiti chomwe ndikuchionabe ndikatsinzina? Ndi pati pomwe ndinafuna kusiya? Mathero ndawavomera kapena ayi? Musafotokoze nkhani yonse, nkhaniyo ili kale m'bukumo. Musayesenso kulemba ngati katswiri. Mawu akuti "bukuli likuonetsa mavuto a moyo" sadzakuthandizani kanthu. Mawu akuti "mayi akewo ndadana nawo, akanangomulola mwanayo kupita" ndi golide, chifukwa tsiku lina mudzawawerenga muli mayi kapena bambo inuyo.

Pindani kakalatako mukaike kuseri kwa chikuto chakumapeto, osati chakumaso, kuti musadzakaone poyamba. Ngati mabuku anu amayendayenda m'manja mwa anthu, sungani timakalata tonse m'kope limodzi, buku lililonse tsamba lake, ndipo tsamba lakumanja mulisiye lopanda kanthu kudikirira ulendo wachiwiri.

Pali kuwerenganso kwakung'ono komwe ndi bwino kukuchita pompopompo: mukatha kulemba kakalatako, bwererani ku chaputala choyamba chokha. Ndi mphindi 15 kapena 20 basi. Alembi ambiri amakonza chiyambi atadziwa kale mathero, ndiye m'masamba oyambirirawo mumakhala zinthu zomwe ulendo woyamba simukanaziona chifukwa munali kalikiliki kuloweza mayina. Koma buku lonse musalibwereze msanga. Pasanathe miyezi 6, diso limadziwa chomwe chikubwera ndipo limangotsetsereka pamwamba pa ndime, inu n'kumayesa mukuwerenga pomwe mukungotsimikiza zomwe mukukumbukira. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, mafupa a nkhani alipo koma mnofu waiwalika, ndipo iyi ndi nthawi yabwino yoona mmene mlembi anaimangira. Pakatha zaka 10, chomwe mukuyesa si bukulo kwenikweni, ndi inuyo.

Musanalitsegule kachiwiri, tengani pepala mulembe zomwe mukukumbukira, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, osasuzumira. Kakalata kakale kaja musakawerenge mpaka mutatsiriza. Mukayamba ndi iko, muwerenga bukulo ndi maso a munthu wakale uja, kapena muwerenga mofuna kumutsutsa, ndipo zonse ziwirizi zimatseka maso.

Ulendo wachiwiri chepetsani liwiro dala. Ngati poyamba munkatha masamba 40 paola, tsikani kufika 25 kapena 30. Njala yofuna kudziwa mathero kulibe tsopano, ndiye mphamvu yomwe inkapita kumeneko ipite ku tinthu ting'onoting'ono. Nachi chitsanzo chongopeka cha zomwe ndikunena. Tinene kuti m'chaputala chachiwiri bambo wina akutuluka m'nyumba m'mawa. Mlembi akuti anakhoma chitseko, anayenda mapazi angapo, anabwerera kukagwedeza chogwirira, kenako anatsetsereza kiyi kunsi kwa chitseko m'malo momuika m'thumba. Ulendo woyamba ndime imeneyi mumaidutsa m'masekondi 10. Mumangoti ndi munthu wosamala, mwina wamantha ndi akuba. Pa tsamba 200 ndi pomwe mumamva kuti tsiku limenelo anachoka osabwereranso. Ulendo wachiwiri mukafika pa kiyi uja mumaima. Munthu wobwerera madzulo kiyi amapita naye. Mlembi anakuuzani zonse poyera, inu osamva. Ndipo mukayang'anitsitsa muona kuti sanalembe kuti bamboyo anali wachisoni, sanalembe kuti anacheuka, anangopereka kiyi. Tinthu totere ndi tomwe timasiyanitsa buku lomangidwa bwino ndi longothamangitsa nkhani, ndipo sitioneka ulendo woyamba ngakhale kwa munthu wochenjera chotani.

Zina zoyenera kutchera khutu: ndani akufotokoza nkhaniyi, ndipo akupindula chiyani poifotokoza motere? Ngati ndi mpangankhani yemwe akuti "ine", onani pomwe akudumpha masiku, pomwe akuchulutsa zifukwa zodzikhululukira, pomwe mawu a anthu ena akusemphana ndi mmene iye akuwamasulira. Onaninso ampangankhani aang'ono, wantchito, mlongo wamng'ono, mnansi. Ulendo woyamba amakhala ngati mipando ya m'nyumba. Ulendo wachiwiri sankhani mmodzi mumutsatire kuyambira pomwe walowa mpaka pomwe wazimiririka, muone zomwe akudziwa ndi nthawi yomwe anazidziwira.

Ena amaopa kuti kudziwa mathero kumapha kukoma. Mu 2011 Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld a ku University of California, San Diego anapatsa ophunzira nthano zazifupi, ena atawauziratu mathero, ena ayi, ndipo kawirikawiri omwe anauzidwiratu anasangalala nazo kuposa anzawo. Akafukufuku ena pambuyo pake anapeza zosiyanako, ndipo zikuoneka kuti zimatengera munthu ndi mtundu wa nkhani. Kuona kwanga n'kwakuti buku lomwe mphamvu yake yonse ili pa chinsinsi chimodzi, monga nthano zambiri zofufuza wakupha, limakwana maulendo awiri: woyamba kupusitsidwa, wachiwiri kuona mmene anakupusitsirani, ngati anachita mwachilungamo kapena anabisa umboni. Wachitatu mulibe kanthu. Pomwe buku lomwe mphamvu yake ili pa anthu ndi zosankha zawo limakula ndi kudziwa mathero, chifukwa chisangalalo chilichonse cha m'masamba oyambirira chimabwera ndi mthunzi wa zomwe inu mukudziwa koma iwo sakudziwa.

Mavuto awiri amabwera ndi ulendo wachiwiri. Loyamba ndi kudumpha. Mumakumbukira kuti kutsogoloku kuli malo okoma, ndiye mumathamangira kumeneko. Palibe tchimo, koma dziwani kuti kumeneko ndi kuchezera malo omwe mumawakonda, ndipo mudzatuluka ndi buku lomwe lija munalowa nalo. Zatsopano zili m'malo omwe munaika timitanda. Mukafika pa kamtanda, werengani ndimeyo mokweza mawu. Pakamwa sipatha kudumpha ngati diso. Vuto lachiwiri ndi zizindikiro zanu zakale, zomwe zimakoka diso ngati mmene mizere ya anthu ena imachitira. N'chifukwa chake ndinati muziika timadontho m'mphepete osati mizere kunsi kwa mawu, kadontho mutha kukaphimba ndi chala. Zizindikiro za ulendo wachiwiri zisiyanitseni: ngati poyamba munalemba kumphepete yakunja, tsopano lembani yamkati, kapena zingani chizindikiro chatsopano chilichonse ndi kabwalo. Ndipo musafufute zakale ngakhale zikukuchititsani manyazi.

Tikambe za kukhumudwa, chifukwa kumachitika ndithu. Buku lomwe munkalitama kwa aliyense mukulitenganso, ndipo pofika tsamba 40 mukuona kuti zokambirana zake ndi zouma, akazi onse m'menemo alipo kuti angosilira mnyamata wankhaniyo, ndipo mlembi akubwereza fanizo limodzi chaputala chilichonse. Musathamangire kugamula. Zoyambitsa zimakhala zitatu, ndipo zimasiyanitsika. Nthawi zina bukulo linalidi lofooka, kungoti linali loyamba kukuonetsani chinthu chinachake, ndipo kuyambira pamenepo mwawerenga ena omwe anachichita bwino koposa. Chizindikiro chake n'chakuti mutha kuloza chala pa chiganizo n'kunena cholakwika. Nthawi zina bukulo lili bwino koma linalembedwera msinkhu womwe munaudutsa: mukuona kuti ndi lomangidwa mwaluso, kungoti nkhawa za mpangankhaniyo sizikukuwawaninso. Ndipo nthawi zina vuto ndi sabata yomwe mwalitengera, mwatopa, mutu uli kwina. Ichi chimadziwika mukatsegula buku lina lililonse n'kupeza kuti nalonso silikulowa. Pa chachitatuchi, litsekeni mudzayesenso patatha mwezi. Pa choyamba ndi chachiwiri, lembani zomwe mwaona kutsamba lakumanja lija, koma musanyoze yemwe analikonda uja. Anawerenga ndi zomwe anali nazo.

Ndinene poyera kuti pali mabuku ena, makamaka a paubwana, omwe ine ndimalangiza kuti asiyidwe. Ngati chomwe mumakonda ndi kukumbukira mmene munkamvera powerenga, ndipo mukudziwa mumtima kuti bukulo silingapirire maso anu a lero, palibe lamulo lokukakamizani. Mukaliwerenganso, chithunzi chakalecho sichibwereranso mwakale.

Kusintha komwe kumachitika kawirikawiri, komwenso kumasangalatsa kukuona papepala, ndi kusamuka kwa chifundo. Wachinyamata amaima ndi wothawa kwawo, wokana lamulo, wokonda mosaganiza. Akakula amayamba kuona wotsala pakhomo, yemwe akulipira ngongole za wothawayo, yemwe ulendo woyamba ankaoneka ngati chopinga chabe. Mlembi waluso amakhala atawapatsa onse awiri zifukwa zokwanira, ndipo wowerenga amangotola zomwe msinkhu wake ukutha kunyamula. Mukatsiriza ulendo wachiwiri, lembani kakalata katsopano poyankha mafunso omwe aja, kenako ndiye mutsegule kakale. Ikani mapepala atatu patebulo: kakalata koyamba, zomwe munkakumbukira musanayambe, ndi katsopano. Kusiyana kwa loyamba ndi lachiwiri kukuonetsani zomwe mutu unakonza wokha m'zaka zapakatizo. Kusiyana kwa loyamba ndi lachitatu kukuonetsani pomwe mwasunthira.

Ngati buku mwaliwerenga kangapo mpaka diso likungotsetsereka, sinthani njira yolilandirira. Kumvetsera lojambulidwa mawu kumathandiza chifukwa wowerengayo amayenda pa liwiro lake, pafupifupi mawu 150 mpaka 160 pamphindi m'Chingerezi, ndiye buku la mawu 90,000 limatenga maola pafupifupi 10 ndipo simungadumphe ndime yofotokoza malo. Choipa chake n'chakuti wowerengayo amakusankhirani kamvekedwe: chiganizo chomwe papepala chikanatha kukhala nthabwala kapena mnyozo, iye amachipatsa mbali imodzi. N'chifukwa chake kumvetsera ndimakuika ulendo wachiwiri kapena wachitatu, osati woyamba. Ngati bukulo ndi lomasuliridwa kuchokera ku chinenero china ndipo pali omasulira awiri, tengani winayo. Yambani ndi kuika tsamba loyamba la onse awiri pambalimbali. Muona kuti wina amadula ziganizo zazitali, wina amazisiya, wina amasalaza mawu aukali. Zina zomwe munkayesa kuti ndi khalidwe la mlembi zidzapezeka kuti zinali za womasulira. Filimu yake isiyeni mpaka mutatha ulendo wachiwiri ngati mungathe, chifukwa nkhope ya wosewera ikalowa m'mutu, nkhope yomwe munadziumbira nokha simudzaipezanso.

Kanthu kena kakang'ono ka buku lenilenilo. Mabuku ambiri a chikuto chofewa masamba ake amangomatidwa ndi guluu kumsana, sasokedwa. Guluuyo akakalamba amauma, ndipo mukalitsegula mokakamiza kuti ligone chafufumimba patebulo, msana umathyoka ndipo masamba amayamba kuthothoka kuyambira pomwe pathyokapo. Buku lomwe mukufuna kudzalibwerera patatha zaka 10 muzilitsegula pang'ono, osalipinda chikuto kumbuyo, ndipo lisakhale padzuwa kapena pachinyezi. Kufiira kwa masamba kumachokera ku pepala lotchipa lomwe limasintha likakumana ndi kuwala ndi mpweya, sikuletsa kuwerenga, koma pepala lotero limakhala lophwanyika, ndiye labala muzimuyendetsa mbali imodzi mofatsa, osati uku ndi uku.

Nanga buku lomwe munalisiyira panjira? Nancy Pearl, yemwe anagwira ntchito ya zamalaibulale ku Seattle, amadziwika ndi lamulo lakuti buku mulipatse masamba 50 musanalisiye, ndipo ngati mwapitirira zaka 50, chotsani zaka zanu pa 100, yotsalayo ndiye nambala ya masamba. Wazaka 70 apereke masamba 30 basi. Lamuloli ndimagwirizana nalo, koma ndimawonjezerapo chimodzi: posiya, lembani pa tsamba lomwe mwaimapo deti ndi chifukwa, m'mawu osapitirira 10. "Anthu achuluka, sindikusamala za aliyense." "Chiyankhulo chikundilemera." Mukadzalitenganso, musayambire pomwe munasiyira, chifukwa mayina aiwalika ndipo mudzalisiyanso pa chifukwa chatsopano. Yambirani tsamba loyamba, masamba 50 pokhala kamodzi kapena kawiri monga kale, ndipo mukafika pa deti lija muwerenge chifukwa chomwe munalemba muone ngati chikadalipo. Ngati chikadalipo ulendo wachiwiriwu, lembani deti latsopano kunsi kwake, bukulo mulipereke kwa wina.